Mawu a Amalume ndi Makina Owongola Nyimbo

Kwathu kwa Mposa, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa pansi pa mapiri a Chikala, amalume anga ankadziwika ndi ngalawa komanso bangwe. Ngalawa anaisiya nyanja itauma mu 2018, koma bangwe anamusunga. Mu 2022 mwana wawo wamkazi, yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg, anandipempha kuti ndijambule nyimbo za bambo ake mawu awo asanatheretu. Ndinavomera mosakayika poti ndinali ndi laputopu, maikolofoni imodzi ndi batire la sola.

Tinajambula usiku ana atagona. Amalume anakhala pamkeka, bangwe ali pamiyendo, n'kuyimba nyimbo yawo yonena za chilala cha 1995 pamene anthu ankayenda pansi pomwe kale pankadutsa ngalawa. M'mawa mwake ndinamvetsera ndipo mtima unandigwa. M'makutu anga, ozolowera nyimbo za pawailesi, mawu awo ankamveka ngati akuphonya kiyi. Ndinati ndisawachititse manyazi, ndipeze pulogalamu yowongolera mawu.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Balaka kwa mnzanga wina yemwe amajambula makwaya m'chipinda chake chogona. Balakatu ndi kwawo kwa nyimbo: ndi kumene kunabadwira Alleluya Band mu 1978, ndiponso kumene Paul Banda anajambulira oyimba ambiri mu situdiyo yake ya Imbirani Yahwe. Mnzangayo anandiuza kuti mapulogalamuwa alipo amitundu iwiri.

Mtundu woyamba umagwira ntchito wokha. Umauuza kiyi ya nyimbo, iwo n'kumakokera liwu lililonse ku noti yomwe ili pafupi. Wotchuka pagululi ndi Auto-Tune, yomwe inatuluka mu 1997. Anaipanga ndi Andy Hildebrand, katswiri yemwe poyamba ankathandiza kufufuza mafuta pansi panthaka pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso. Ukaiuza kuti ikoke mwachangu kwambiri, mawu amamveka ngati a loboti, monga dziko linamvera mu nyimbo ya Cher yotchedwa Believe mu 1998. Palinso zaulere monga GSnap ndi MAutoPitch.

Mtundu wachiwiri umafuna dzanja la munthu. Mu Melodyne, yopangidwa ndi kampani ya Celemony ya ku Germany, kapena mu NewTone ya mu FL Studio, liwu lililonse limaoneka pakompyuta ngati kachibuluma, ndipo iwe umasankha koti ukweze, koti utsitse ndi koti ukasiye. Mnzangayo anandichenjeza kuti njirayi imadya nthawi.

Ine poti ndinali ndi phuma komanso thumba linali lopepuka, ndinatenga yaulere ya mtundu woyamba. Nditafika kunyumba ndinaiuza kuti ikoke msangamsanga, ndipo pasanathe mphindi zisanu mawu anasalala ngati mwala wa mumtsinje. Ndinaitana amalume monyadira. Anamvetsera mpaka kumapeto ali chete, kenaka anafunsa kuti, "Mwana iwe, akuyimbayu ndi wa kumudzi uti?"

Ndinayesa akuseka. "Ndi inu nomwe, amalume."

"Ayi. Ameneyu nyanja sanaione ikuuma. Akuyimba ngati wakhuta."

Pajatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Usiku umenewo sindinagone. Ndinazindikira kuti vuto silinali la pulogalamu koma langa. Ndinaipatsa muyeso wa kiyibodi, wa manoti 12 otalikirana mofanana, pamene bangwe wa amalume amachunidwa ndi khutu, pokankha timitengo tapansi pa waya mpaka mwiniwake atakhutira. Mawu awo ankatsata bangweyo. Malo omwe ine ndinkati aphonya ndi malo omwe liwu linkatsetsereka dala pakati pa manoti awiri, monga amachitira amayi polira maliro. Pulogalamu inadula kutsetserekako n'kukusandutsa masitepe.

Panalinso china. Mapulogalamu a mtundu woyamba amamva liwu limodzi pa nthawi imodzi. Ine ndinajambula mawu ndi bangwe pa maikolofoni imodzi, choncho pokoka mawu, bangwe nayenso ankakokedwa n'kumalira ngati chitini chophwanyika. Mnzanga uja anati ndijambule bangwe payekha kenaka mawu. Amalume anakana. Anati pakamwa pawo sipatseguka zala zili phee. Anandiuzanso mnzangayo kuti mtundu wokwera mtengo wa Melodyne umatha kulekanitsa manoti olira pamodzi, koma ndinadzifunsa kuti ndikawalekanitsa ndiwasunthira kuti, poti mwini bangwe anawaika kale pomwe akufuna.

Mapeto ake ndinabwereka maikolofoni yachiwiri, ina pakamwa ina pabangwe, ndipo tinajambulanso. Ndinabwerera ku Balaka pamodzi ndi amalume, tinatsegula NewTone, iwo atakhala pambali pathu. Nyimbo yonse analoza malo awiri okha. Pamalo amenewo mpweya unawathera ndipo liwu linagwa asanafune. "Apa ndiye ndakalamba," anatero, "konza." Sitinalikokere ku noti ya kiyibodi. Tinalikweza pang'onopang'ono mpaka linafanana ndi m'mene anayimbira mzere womwewo m'ndime yoyamba.

Sindikunyoza makinawa. Mnyamata woyimba motsatira kiyibodi angathandizike nawo ndithu, ndipo wofuna mawu a loboti ali ndi ufulu wake. Koma anzanga akandifunsa lero kuti atenge pulogalamu iti, ndimayamba ndawafunsa kuti woyimbayo akutsata chiyani, ndipo amene ati anene kuti apa palakwika ndani. Ngati ndi gule wa makolo, kaligo kapena mangolongondo, ndimawalangiza kuti asankhe pulogalamu yosiya chigamulo m'manja mwa munthu, apo ayi asakhudze n'komwe.

Nyimboyo tinaitumiza pa WhatsApp. Mwana wawo anayankha ndi uthenga wamawu, koma kwa kanthawi ndithu sitinamvemo liwu lililonse, kupatula mphuno zikufwenthedwa.