Anandiseka chifukwa cha masilipasi a achimwene anga

Sabata ino mtima wanga sunakhale m'malo, ndiye ndati ndilembe pano, mwina ungapepuke.

Lachiwiri tinali kugwetsa mitengo ya ash m'mbali mwa msewu kufupi ndi Stirling, kuno ku Scotland. Matenda otchedwa ash dieback, omwe anapezeka m'dziko muno mu 2012, akuumitsa mitengo imeneyi yambirimbiri, ndipo ndi omwe akutidyetsa ife odula mitengo. Nthawi ya tiyi tinabisala mvula m'galimoto, mkangano wa masiku onse n'kubuka: Stihl MS 261 kapena Husqvarna 550 XP? Akuno amalimbana pa nkhaniyi ngati mmene timachitira ife ndi Bullets ndi Wanderers. Mnyamata wina wa m'gulu lathu anandifunsa kuti kwanu mumagwiritsa iti. Ine ndi mtima woyera ndinatulutsa foni n'kumuonetsa kanema wa achimwene anga akucheka matabwa ku Chikangawa. Mnyamatayo anafa nacho chiseko. Anaona masilipasi ndi kabudula basi. Sanaone kuti thabwa lomwe linkatuluka pa chipika chija linali lowongoka ngati lachokera kufakitale, pomwe munthu akungotsata chingwe chopaka makala, dzanja ndi diso basi.

Ndinangokhala chete, koma tiyi uja sanatsikenso.

Za makina awiriwa ndinene zoona, chifukwa onse ndagwira nawo ntchito. Injini zake n'zofanana, pafupifupi 50cc, mphamvu 3 kW, ndipo timaika baa ya mainchesi 15 kapena 16. MS 261 imalemera makilogalamu 4.9 yopanda baa ndi tcheni, pomwe 550 XP Mark II imafika 5.3. Kusiyana kumeneku m'mawa simungakumve, koma ikamakwana 3 koloko, mutasadza nthambi tsiku lonse, phewa limakuuzani lokha. Husqvarna imalusa msanga, ukangokhudza imakuwa, ndipo posadza nthambi imayenda ngati ikudziwa kumene ukupita. Stihl ndi yofatsa, koma ikalowa mu mtengo wouma wa ash kapena oak imakoka mosabwerera m'mbuyo. Ine mtima wanga uli pa 261. Mtengo ukakula timatenga akulu ake, MS 362 kapena 562 XP, za pafupifupi 60cc, zomwe zimanyamula baa ya mainchesi 18 kapena 20 bwinobwino.

Chomwe chinandizunguza mutu nditangoyamba n'choti makinawa ali ndi kakompyuta m'kati. A Stihl amakatcha M-Tronic, a Husqvarna amati AutoTune. Kamayeza kokha mafuta olowa mu injini, kaya kwazizira kaya fyuluta yadzaza utuchi. Kasikuludiraiva kaja timatembenuzira kabuleta kwathu, khutu lili tcheru kumvetsera kulira kwa injini, kuno kalibe ntchito. Ndiye pali zina za zigwiriro zofunda! Tsiku loyamba kugwira 550 XPG mu Januwale, chisanu chili mbuu pa udzu, ndinamva kutentha kukulowa m'zala ndipo misozi inalengeza. Munthu wina ku Sweden anakhala pansi n'kuganizira zala za wantchito. Chimenecho chinandikhudza kwambiri.

Kuno sungangodzuka n'kunyamula chainsaw kukagwira ganyu. Pamafunika satifiketi ya NPTC: yosamalira makina ndi kudula zipika, ina yogwetsa mitengo yaing'ono, ina yokwera. Iliyonse ndi ndalama. Ine ndinalipira ndi malipiro a usiku kunyumba yosamalira okalamba, miyezi yambiri ndikugona maola anayi, kwinaku lendi, kwinaku fizi ya ana kumudzi. Chaka chimenecho ndi chomwe bambo anatisiya, ndipo maliro awo ndinawaonera pa foni ndili m'chipinda chosinthira zovala. Bambo ndi omwe anandiphunzitsa kunola macheka a manja ndi tupa ku Dedza, ine pansi m'dzenje utuchi ukugwera m'maso, iwo pamwamba pa chipika. Mphunzitsi wa kuno ataona mmene ndanolera tcheni ndi tupa ya 4.8mm anaitana ena kuti adzaone. Sindinathe kumufotokozera kuti dzanja limenelo ndi la munthu amene anali ataikidwa m'manda miyezi iwiri m'mbuyomo.

Zina za kuno zimatopetsa ndithu. Mtengo uli pakhomo pa munthu, koma ngati khonsolo inauika pansi pa Tree Preservation Order, ngakhale nthambi sungadule popanda chilolezo. Mbalame ikamanga chisa, ntchito imaima. Usanalize injini, mapepala kaye. Ndipo makina akavuta pang'ono, bwana amawerengera ndalama ya makaniko pa ola n'kunena kuti bola kugula atsopano. Ndinaona chainsaw yabwinobwino itaponyedwa pakona chifukwa cha pisitoni yokalika. Achimwene akanaitola, pofika madzulo ikanalira.

Apa ndi pomwe mnyamata uja sakudziwa. Iye 50cc imamukwanira chifukwa kumbuyo kwake kuli makina ogaya nthambi, thirakitala yokoka zipika ndi fakitale yocheka matabwa. Kwathu chainsaw imodzi ndiyo zonsezo. Imagwetsa paini, imasadza, kenako imang'amba chipika m'litali kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. N'chifukwa chake anthu amakakamira Husqvarna 272 XP kapena Stihl MS 381, za 72cc, zolemera koma zosavuta kumasula pansi pa mtengo. Petulo wa m'chigubu, oyilo wakuda wotsala m'galimoto ndiye wothira pa tcheni, koma matabwa amafika ku Lilongwe, ana n'kupita kusukulu. Amene akuseka uja mutamupatsa 272 ndi chipika cha bulugamu, sangatulutse thabwa ngakhale limodzi logulitsika.

Komabe usiku ule nditaonanso kanemayo ndekha, ndinaona zomwe iye anaona. Tcheni ikuthamanga chapafupi ndi chala cha kuphazi. Makutu ali pamtunda. Ndinakumbuka kuti masiku ano ndikaimba foni, achimwene amangoti "Ati bwanji?" kawiri katatu, ndipo alamu anandiuza kuti wailesi amaitsegula mpaka anthu oyandikana nawo kudandaula. Ine kuno ndimavala buluku lokhala ndi ulusi wapadera m'kati, woti tcheni ikangong'amba nsalu ulusiwo umakulunga giya n'kuimitsa makina mwendo usanakhudzidwe. Ndimavala chipewa cholimba chokhala ndi zotseka m'makutu ndi kansefa kotchinga kumaso. Mwendo wanga ndi wa achimwene unabadwa m'mimba imodzi. Wangawu ukutetezedwa chifukwa chiyani, wawo ayi?

Mwezi watha anandipempha kuti, "Mng'ono wanga, unditumizireko kamakina kako kopepukako." Ndinali nditayamba kale kusunga ndalama. Tsopano ndaganiza zina. Kamakina ka 50cc sikanapangidwire kung'amba matabwa tsiku lonse, ndipo kakompyuta kake kakadzavuta pakati pa nkhalango ya Viphya, adzakonza ndani? Kadzangokhala kokongoletsa m'nyumba. Makina awo akale aja akuwadziwa ngati mwana wawo, asiyeni akhale nawo.

Dzulo ndagula buluku la chainsaw la saizi yawo, nsapato zachitsulo kutsogolo, chipewa chokhala ndi zotseka m'makutu, ndi bokosi la matupa. Ndikudziwa adzanena kuti bulukulo likutentha, ndipo mu Okutobala lidzatenthadi. Ndawauza alamu kuti tsiku lomwe adzatuluke m'nyumba atavala masilipasi, andiimbire nthawi yomweyo, ngakhale kuno kutakhala pakati pa usiku.

Amene mukupita kumudzi mu Disembala ndipo muli ndi malo m'chikwama, chonde ndilembereni. Katunduyo sakupitirira makilogalamu asanu ndi limodzi, ndipo achimwene adzabwera okha kudzatenga ku Mzuzu.