Ulendo wa pa Sitima Wopita ku Varanasi

M'dziko la India, kwao kwa Amwenye, muli mzinda wakalekale dzina lake Varanasi. Azungu ankautcha Benares, koma eni ake amakonda kuutcha Kashi. Mzindawu uli m'mphepete mwa mtsinje waukulu wa Ganges, umene Ahindu amauyesa wopatulika, nautchula kuti mayi wao.

Wofuna kukaona mzindawu safunika chuma chambiri. Anyamata ndi atsikana a maiko ambiri amangobereka thumba limodzi kumsana, m'mene muli zovala zowerengeka, chofunda ndi botolo la madzi, nakwera sitima ya pamtunda. Sitima yoyamba kunyamula anthu m'India inayenda m'chaka cha 1853, kuchokera ku Bombay kunka ku Thane, ndipo lero njanji zawanda m'dziko lonselo. Kuchokera ku Delhi kufika ku Varanasi pali makilomita oposa 750. Wokwera madzulo amagona pa kama wopapatiza, pakuti makama ake ndi osanjikizana atatuatatu, ndipo mmawa amadzutsidwa ndi mfuu ya ogulitsa tiyi wamkaka.

Koma si onse a m'sitimamo amene akukaona malo. Mlendo wa thumba uja ali ndi tikiti yobwerera. Pambali pake pangakhale nkhalamba yoperekezedwa ndi ana ake, imene siganiza zobwereranso kwao. Ahindu amakhulupirira kuti munthu akamwalira amabadwanso, nafanso, nabadwanso kosalekeza, koma wofera m'Kashi amamasulidwa, sadzabadwanso. Chifukwa chake okalamba ena amadza kudzadikira imfa, ndipo mumzindamo zilimo nyumba zowalandira.

Atatsika sitima, mlendo wolunjika kumtsinje amalowa m'tinjira topapatiza, mosapita galimoto, napatukira ng'ombe zimene anthu amazilemekeza. M'katimo muli kachisi wa Vishwanath, wa mulungu wao Shiva, amene mfumu yaikazi Ahilyabai Holkar inamangitsa m'chaka cha 1780. Tinjirato timakathera pa madooko oposa 80, otchedwa ghat, ndiwo makwerero a miyala otsikira m'madzi. Popeza mzindawu uli tsidya la kumadzulo kwa mtsinje, osamba mbandakucha amapemphera akupenya dzuwa lilikutuluka. Madzulo pa dooko la Dashashwamedh ansembe amaweyula nyali zamoto, mabelu alikulira.

Dooko lina, la Manikarnika, ndilo lotenthera maliro, ndipo moto wake suzima usana ndi usiku. Mtembo umabwera pa machira ansungwi, wokulungidwa m'nsalu. Abale amauviika mumtsinje, naugoneka pa nkhuni zimene agula poyesa pa sikelo. Mwa mwambo wao, mwana wamwamuna wamkulu, atameta mpala ndi kuvala zoyera, ndiye amayatsa moto. Zonse zikatha, phulusa limaperekedwa ku madzi.

Apa ndipo pooneka khalidwe la mlendo. Kujambula zithunzi pa dookoli nkoletsedwa. Mlendo woleredwa bwino amabweza kamera yake m'thumba, naima chapatali, osaloza chala kapena kukweza mau. Iye amadziwa kuti chimene chili chodabwitsa kwa iye, kwa mnzakeyo ndi maliro a atate wake.

Madzi a mtsinjewu ndi odetsedwa ndi zonyansa za m'mizinda ndi za m'mafakitale, kotero kuti m'chaka cha 2014 boma la India linayamba ntchito youyeretsa, yotchedwa Namami Gange. Mlendo samwako madziwo, kuopa matenda a m'mimba. Komabe sayenera kuseka mayi amene akuwatunga m'kabotolo kuti akapatse odwala ake kumudzi, pakuti kwa mayiyo ndiyo mphatso yoposa zonse.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wothamanga amabwerako ku Varanasi atangoona utsi, khamu ndi matope. Wodekha amabwerako ataona anthu osaopa kutchula imfa, operekeza makolo ao mwaulemu kufikira pa dooko lotsiriza.