Mawu a zilembo 9 amene anandikanika

Aphunzitsi anzanga mukundidziwa. Nthawi ya buleki ndimakhala pakona ya stafu rumu ndi kapu ya tiyi, maso ali pa crossword ya m'nyuzipepala, ndipo sindifuna wondithandiza. Nanunso amene munadutsa m'manja mwanga mukukumbuka nyimbo yanga ija yoti munthu aziganiza yekha.

Sabata yatha zinandivuta. Funso, lomwe linali m'Chingerezi, linkafuna dzina la maganizo a anthu onse a padziko akatengedwa ngati chinthu chimodzi. Zilembo 9, choyamba N. Masiku awiri timabokosi tili mbee. Mayi wina wophunzitsa jogalafe atasuzumira anati mawu otere amathera ndi sphere, monga biosphere. Bambo wina amene anaponda kuseminale anawonjezera kuti m'Chigiriki nous ndi nzeru. Basi, noosphere. Ndinalemba, koma kunena zoona mumtima zinandiwawa.

Mawuwa anawatchukitsa ndi wansembe wa ku France, Pierre Teilhard de Chardin, ndi wasayansi Vladimir Vernadsky. Iwo ankati monga dziko lakutidwa ndi zamoyo, lakutidwanso ndi maganizo a anthu, olukanalukana. Poyamba ndinaziona ngati zokometsera chabe. Koma taganizani: wolemba crossword sandidziwa, komabe amakhulupirira kuti zili m'mutu mwake zilinso penapake m'mutu mwanga. N'chimodzimodzi ndi zilapi za agogo. Wonena kuti "Chilape!" amadziwa kuti yankho lili m'mudzi momwemo.

Nkhani inandigwira mtima ndi ya Leonard Dawe, mphunzitsi wamkulu wa ku England amene ankalemba crossword ya Daily Telegraph. M'chaka cha 1944, kutatsala pang'ono kuti asilikali atsikire ku Normandy pa 6 Juni, mayankho ake anali ndi mawu achinsinsi a nkhondoyo: Utah, Omaha, Mulberry, Neptune, Overlord. Akazitape a boma anamupanikiza ndi mafunso. M'chaka cha 1984 mmodzi mwa ana ake a sukulu anaulula kuti Dawe ankawapatsa anyamata timabokosi kuti adzazemo mawu, ndipo iwo ankangolemba zomwe ankamva kwa asilikali okhala pafupi ndi sukulu. Aphunzitsi anali kufalitsa chinsinsi chomwe iwo eni sankachidziwa!

Kuyambira Lolemba nyuzipepala ndikumaisiya patebulo lapakati, cholembera chili pambali. Koma inu a Fomu 4, amene ndidzamugwire ndi likasa pa mayeso a Lachisanu asadzanditchulire Teilhard.