Ife a Mzere Wakumbuyo

Chithunzi cha kalasi yathu ya Fomu 3 nditachitumiza kumudzi, amayi anandilembera kalata kuti sakundionamo. Ndinali mzere wakumbuyo, kumene nkhope zonse zinangoti bii.

Wojambulayo anaimika nyali yake pafupi kwambiri ndi mzere woyamba. Aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti woima mamita 4 kuchokera pa nyali amalandira gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a kuwala kofika kwa woima mamita 2. Nayo mikanjo yoyera ya ansembe athu, amene anakhala kutsogolo, inanamiza kamera kuti kwawala mokwanira.

Tsono ndapempha Bambo Rekitala kuti chaka chino nyali zikhale ziwiri, zoimikidwa patali ndi m'mwamba, zowalira m'maambulera oyera. Pajatu ndalama tinalipira zofanana tonse. Andiuza kuti akambirana naye wojambulayo.