Zoseweretsa za Mwana Nazo Zifuna Malo Ake

Kanakantapa, m'boma la Chongwe kum'mawa kwa Lusaka, ndi malo amene Boma la Dr Kenneth Kaunda linatsegula m'caka ca 1988 kuti acinyamata osowa nchito m'tauni apatsidwe minda. Ambiri a acinyamata aja lero ali ndi adzukulu, ndipo m'mabanja ena akulu ndi ana akhala pamodzi m'nyumba ya zipinda ziwiri kapena zitatu. Cipinda cocezera ndico codyeramo, ndiponso mvula ikayandikira cimasanduka mosungira mbeu ndi feteleza.

M'nyumba ina yotere mukhala mai wina, mwamuna wake, apongozi ake akazi ndi ana atatu. Wotsiriza ndi mtsikana wa zaka ziwiri. Cuma ca mwanayu ndi galimoto wa mawaya amene mlongo wake anampangira, ng'ombe ziwiri za dongo, mpira wa mapulasitiki, citini copanda kanthu, ndi citsononkho covekedwa kansanza cimene amacibereka kumbuyo. Palibe cogulidwa ndi ndalama, koma cimodzi cikasowa nyumba yonse imamva kulira.

Zinthu zimenezi zinali kugona pali ponse. Usiku atate ake a mwana anali kuponda mawaya mumdima, ndipo m'mawa ambuya ake anali kusesera zonse kudzala.

"Amama, izi si zinyalala ai, ndi katundu wa mdzukulu wanu," anatero maiyo mwaulemu.

"Ife tinali kusewera pabwalo, mwananga. Dzuwa likalowa zonse zinali kutsala komweko," anayankha apongoziwo.

Mau a akulu anali oona, koma ng'ombe ya dongo ikagona pamvula imasungunuka. Cimene cinathetsa mkangano cinacitika m'mwezi wa November, pamene thumba la mbeu ya cimanga linaikidwa pafupi ndi khomo. Mwana anapezeka alikutola njere zofiira ndi kuzithira m'citini cake. Utoto umenewo ndi cizindikiro cakuti mbeuyo inapakidwa mankhwala ndipo siiyenera kudyedwa. Mwamwai anali asanaike mkamwa.

Pamenepo banja linazindikira kuti kwa mwana wa zaka ziwiri, ciri conse cimene ciri pansi ndi cake. Iye sangasiyanitse coseweretsa ndi coopsa. Cotero nchito ya akulu ndiyo kugawa nyumba pawiri: pansi pakhale za mwana, pamwamba za akulu.

Bambo anakhoma thabwa pakhoma, pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pampando. Pamenepo panaikidwa parafini, macesi, mankhwala ophera anankafumbwe ndi opopera tomato. Mbeu inalowa m'cipinda cotsekedwa. Mai anatenga dengu lakale naliika pangodya, kutali ndi mbaula ndi poyenda anthu. Anacotsa tinthu tonse tating'ono timene tingamtsamwitse mwana, monga zotsekera mabotolo, mikanda, mabatire ndi ndalama zacitsulo, ndipo mlongo wake anapinda nsonga zakuthwa za mawaya.

M'dengumo mukhala zinthu zitatu kapena zinai zokha. Zotsala ziri m'thumba, ndipo pakapita sabata mai amasinthanitsa. Mwana amalandira cakale ngati catsopano, ndipo zosesa zacepa.

Amene anapeza njira yomphunzitsa kulongedza ndi ambuya omwe aja. Madzulo ng'ombe za pamudzi zikamabwerera, iwo amati, "Mdzukulu wanga, zako nazo zilowe m'khola." Mwana amatola ng'ombe zake, kenaka galimoto ndi mpira, naziika m'dengu. Masiku ena amakana, koma samenyedwa. Ambuya amatola cimodzi, iye cina, kufikira pansi payera. Paja akulu anati m'mera mpoyamba: woikiza ng'ombe ya dongo lero ndiye adzadziwa kusunga khasu mawa.

Makolo a kumidzi akumbukire kuti ngozi ingagwe ngakhale m'nyumba yolongosoka. Parafini asathiridwe m'botolo la zakumwa, pakuti mwana adzayesa madzi. Mwana akamwa parafini asamsanzitse, cifukwa posanza parafiniyo angalowe m'mapapo. Athamangire naye kucipatala msanga, atatenga botolo kapena paketi ya cimene wameza kuti a zaumoyo aone.