Galu Wobwera ku Nkhondo

Ku Bwanje, kuchokera ku Golomoti kufikira ku Mua ndi ku Mtakataka, galu ndi wantchito. Amaperekeza alenje ku uzimba, amapirikitsa anyani m'minda ya chimanga, ndipo usiku amalonda pakhomo. Koma kuli maiko ena kumene agalu analembedwa usilikali, ndipo nkhani zawo zinaonetsedwa pa kanema.

M'chaka cha 1918, pa Nkhondo ya Chiwaya, msilikali wa ku America, dzina lake Lee Duncan, anatola kagalu m'mabwinja a ku France. Anakatcha Rin Tin Tin, napita nako kwawo, kumene kanakula nikatchuka m'makanema ambiri. Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, agalu ochuluka anaphunzitsidwa kulonda misasa, kunyamula makalata ndi kununkhiza adani obisala m'tchire.

Itatha nkhondoyo, m'chaka cha 1946, kunatuluka kanema wotchedwa Courage of Lassie. Nkhani yake ndi ya galu wofatsa wa mtsikana wina. Galuyo anasochera, natengedwa ndi asilikali, nakagwira ntchito pakati pa mfuti ndi mabomba. Pobwerera kwawo anali atasinthika. Anasanduka wolusa, nayamba kugwira nkhuku za anthu. Eni nkhuku anamtengera ku bwalo la milandu kuti aphedwe. Pamenepo m'khutu mwake munapezeka chizindikiro cha asilikali, ndipo onse anazindikira kuti ukali wakewo unachokera ku zoopsa zimene anaziona. Woweruza anammasula.

Munthu wa ku Bwanje akamva nkhani imeneyi, sangalephere kukumbukira makolo ake. Amuna ambiri a m'dziko la Nyasaland analowa m'gulu la King's African Rifles, limene anthu ankalitcha Keyala. Anamenya nkhondo ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndi m'nkhalango za ku Burma mu 1944. Ena sanabwerere. Ena anabwerako ndi zipsera zooneka. Koma analipo enanso amene thupi lawo linali bwino, bala lili mumtima.

Wotere ankadziwika ndi makhalidwe ake. Mphezi ikang'amba pa mapiri a Dedza, iye ankagwa chafufumimba. Usiku ankadzidzimuka ndi kufuula mayina a anzake. Pa mowa ankakwiya msanga. Ana ankamthawa, akulu nanena kuti nkhondo yamzunguza mutu. Galu wa m'kanema anapeza womlankhulira pa bwalo. Msilikali wa kumudzi kawirikawiri analibe womfunsa ngakhale funso limodzi.

Akale anati galu wamkota sakandira pachabe. Chimodzimodzi munthu wamkulu sanjenjemera popanda chifukwa. Madokotala a masiku ano amadziwa kuti mantha aakulu amasiya nthenda m'maganizo, ndi kuti nthendayo imachepa munthu akapeza chithandizo ndi abale omumvera modekha.

Asilikali a Keyala ambiri anatsikira kuli chete, koma nkhondo sizinathe pa dziko lapansi. Mu 2013 asilikali a Malawi anatumizidwa ku Congo kukasungitsa mtendere, ndipo m'zaka zotsatira ena anafera komweko. Amene anabwerako ali pakati pa abale awo. Mudzi wanzeru suthamangira kuweruza mwana wake wobwera ku nkhondo. Umayamba wamyalira mphasa, numfunsa za ulendo wake, nudikira kufikira iye mwini atafuna kulankhula.