Gogodela wa nsungwi

Lolemba. Ndili ku Lupembe kwa agogo aamuna, ndipo ndawakakamira kuti andiphunzitse kuthira wonga mu gogodela, mfuti yakale ija yodyera kukamwa. Yawo anakaisiya kupolisi kalekale. Akuti za chiphaso zinawatopetsa, agwape nawo anatha, ndipo ku Nyika ukangolowa ndi mfuti ndiye kuti wadzipezera ndende. Sukulu yathu ndi iyi: nsungwi yoboola mfundo zonse kupatula yakunsi ndiyo mpope wa mfuti, mchenga wakunyanja ndiye wonga, kamwala kobulungira ndiko chipolopolo. Ana apamudzi aseka mpaka kugwa.

Lachiwiri. Ndondomeko ndi yapafupi. Wonga uyambe, kenako kansanza, utsindire ndi ndodo, uponye chipolopolo, kansanza kena pamwamba kuti chisagubuduke. Ndinabwereza pakamwa kasanu. Nditagwira nsungwi, dzanja linathamangira kamwala, plu, mkati. Agogo anangoti, "Iwe, gwape akanabwera kudzakununkhiza." Chipolopolo chikatsogola, moto supeza wonga, ndipo mlenje amataya m'mawa wonse akuchikolopola.

Lachitatu. Lero ndiye mutu weniweni: wonga wochuluka bwanji? Ndinkayembekezera sikelo. Agogo anatambasula zala. Mfuti ikakhala yopanda kanthu, ndodo yotsindira imalowa mpaka kulingana ndi kamwa la mpope. Ukathira, ndodo imatsala kunja, ndipo chotsalacho umachiyeza ndi zala zogundana. Mlenje aliyense ankadziwa zala za mfuti yake, osati za mfuti ya mnzake, poti mipope imasiyana kukula ndi ukalamba. Ukachepetsa, nyama imathawa ndi bala n'kukafera kutali. Ukachulukitsa, phewa limatupa, mwinanso mpope kung'ambika, zala zoyezera zija n'kupita nawo. Ine ndinathira ngati ndikupatsa mlendo shuga. Ndodo inatsala chikhatho chathunthu ndi zala ziwiri. Agogo anaiyang'ana, nandiyang'ana, nafunsa ngati ndalemba kale wilo.

Za chipolopolo anati mtovu ndiwo mfumu: ndi wolemera, komanso wofewa moti sukanda mpope. Ukasowa, anthu ankadula tizitsulo, koma timeneto timauluka mokhota ngati woledzera. Ndinawauza kuti ku Pennsylvania, ku America, kudakali nyengo yapadera yosaka ndi mfuti zoterezi ikangopita Khirisimasi, ndipo wonga amayeza ndi kachibekete kamkuwa. Anati azunguwo alibe zala kodi.

Lachinayi. Nditangothira bwinobwino, agogo aakazi anaitana kuti nsima ya usipa ikuzizira. Pobwera ndinaiwala, ndinathiranso. Agogo analowetsa ndodo osanena kanthu, nandionetsa mmene yatsalira. Mfuti yodya kawiri imapha mwini wake, ndiye mlenje ayambe waponya ndodo asanathire chilichonse. Anawonjeza kuti wonga wa m'zipolopolo zamakono suyenera kuyandikira gogodela, mphamvu yake imaphulitsa mpope.

Madzulo nkhani inakhotera kwa Mlozi, amene anamanga linga ku Mpata n'kulimbana ndi a African Lakes Company kuyambira 1887, ndipo pamapeto pake Harry Johnston anamupachika mu Disembala 1895. Mfuti zambiri za nthawi imeneyo zinali zodyera kukamwa zomwezi, zina zoyatsira kachipewa kamkuwa kamene Aswahili amati fataki. Ndinaganiza za munthu akutsindira kansanza utsi uli tolo, adani akumuombera. Ine pansi pa mtengo wa mango, popanda wondithamangitsa, ndikusokonezabe.

Lachisanu. Katatu motsatizana osalakwitsa! Ndodo kaye, mchenga, kansanza, kutsindira, kamwala, kansanza. Ndodo inatsala zala zomwe agogo ananena, ndendende. Anagwedeza mutu n'kuti, "Eya, mdzukulu, tsopano ungaphe chulu." Ndinapita kukasamba kunyanja ndikuyenda ngati msilikali. Pobwera ndinapeza agogo aakazi atakhuthula wonga wanga wonse pabwalo, mfuti ili m'manja, akuthamangitsira nkhuku pa chinangwa choyanika.